Kaundula wa sosaiti ya maliro ku Highfield: lipoti la pulojekiti ya ophunzira a digiri yachiwiri

Mmene nkhaniyi inayambira

Ntchito yanga ya tsiku ndi tsiku ndi younika chitetezo cha zidziwitso m'makampani ndi m'mabungwe muno mu Harare. Madzulo ena ndimaphunzitsanso ophunzira a digiri yachiwiri phunziro la kayendetsedwe ka chitetezo cha zidziwitso pa yunivesite ina. Phunziroli lilibe mayeso olemba kumapeto. Ophunzira amagawidwa m'magulu, gulu lililonse limapatsidwa bungwe lenileni, ndipo kwa masabata 14 limagwira ntchito imene katswiri wolembedwa ganyu akanagwira: kudziwa zimene bungwelo limasunga, kuyeza ziopsezo, kusankha njira zotetezera, ndi kuonetsetsa kuti zina mwa njirazo zayambadi kutsatidwa. Boma limalimbikitsa kaphunzitsidwe kotere kudzera mu Education 5.0, ndondomeko imene inawonjezera kupanga zatsopano ndi kutukula mafakitale pa ntchito zitatu zakale za yunivesite, zomwe ndi kuphunzitsa, kufufuza ndi kutumikira anthu. Koma chimene chinandikankha ine ndi zimene ndinkaona kuntchito. Ankabwera achinyamata okhoza bwino, otha kulakatula pamtima ndime zonse za ISO/IEC 27001, muyezo wa padziko lonse wa kayendetsedwe ka chitetezo cha zidziwitso, koma mwini bungwe akawafunsa kuti, "Ndalama ndilibe, ndiyambire pati?" ankangoti kukamwa yasa.

Lipotili ndi la gulu limodzi la semesita yapitayi. Magulu ena anapita kukampani ya zamtengatenga ndi kusukulu ya sekondale. Ili ndinalitumiza ku sosaiti ya maliro ya anthu akwathu, amene makolo awo anachokera ku Malawi, ku Highfield muno mu Harare. Dzina la sosaitiyo ndi maina a anthu ndawasiya dala, monga tinapanganirana ndi komiti.

Bungwelo ndi ophunzirawo

Sosaitiyi inayambitsidwa ndi azigogo athu amene anabwera kudzagwira ntchito m'mafakitale, kunjanji ndi m'nyumba za azungu, ambiri a iwo m'zaka za chitaganya cha Rhodesia ndi Nyasaland, pakati pa 1953 ndi 1963. Mantha awo anali amodzi: kuikidwa ngati munthu wopanda abale kudziko la eni. Lero ili ndi mabanja pafupifupi 600 ku Highfield, Mbare, Mufakose, Dzivarasekwa ndi Mabvuku. Banja lililonse limasonkha mwezi ndi mwezi, ena ndalama pamanja kwa wotolera wa m'dera lawo, ena pa EcoCash, njira yotumizira ndalama pafoni. Maliro akagwa, sosaiti imagula bokosi, imapereka chakudya cha pasiwa, ndipo ngati malemu anasiya mawu oti akagone kwawo, imathandiza kuyendetsa thupi kudzera ku Nyamapanda ndi Tete mpaka ku Mwanza kapena ku Dedza.

Malemu bambo anga anali membala, ndipo n'chifukwa chake komiti inatitsegulira khomo. Ndinauza akuluakulu a dipatimenti za ubalewu poyambirira pomwe, ndipo tinagwirizana kuti mphunzitsi wachiwiri achongenso ntchito ya gululi payekha.

Ophunzira anali anayi. Wina amagwira ntchito younika makompyuta kubanki, wina amayang'anira netiweki pakampani ina, wina ndi loya, ndipo wachinayi ndi mtsikana wa ku Mufakose amene agogo ake anachokera ku Dedza. Mwa anayiwo ndi iye yekha amene ankayankhula Chichewa, chosakaniza ndi Chishona monga amayankhulira ana ambiri obadwira kuno.

Pangano ndi komiti linali lolembedwa. Ophunzira sankaloledwa kuyesa kuthyola akaunti kapena chipangizo chilichonse, popeza lamulo la Cyber and Data Protection Act la mu 2021 linakhwimitsa milandu yolowa m'makompyuta a eni popanda chilolezo. Sankaloledwa kujambula chitupa cha munthu kapena kutuluka ndi kope la kaundula. Ndipo chigamulo chomaliza pa chilichonse chinali cha komiti.

Masabata atatu oyamba, ndi cholakwa changa

Gululi linayamba mmene magulu ambiri amayambira. ISO/IEC 27001 ya mu 2022 ili ndi ndandanda kumapeto, Annex A, ya njira zotetezera 93: za kayendetsedwe ka bungwe 37, zokhudza anthu 8, zokhudza malo ndi zipangizo 14, ndi za luso la makompyuta 34. Ophunzira anasandutsa iliyonse kukhala funso, nasindikiza masamba 12, napita nawo kumsonkhano wa komiti mu holo ya tchalitchi Lamlungu masana.

Mafunsowo ndinawaona asanapite. Ndinadziwa kuti sakwanira pamalopo, koma ndinawalola poganiza kuti akaphunzira okha akagunda khoma. Anaphunziradi, koma amene analipira mtengo wake ndi nkhalamba zimene zinakhala maola awiri zikuyankha kuti "ayi, tilibe". Kodi muli ndi ndondomeko yolembedwa ya chitetezo? Ayi. Kodi mumasunga kaundula wa olowa ndi kutuluka m'makompyuta anu? Ayi. Atafika chapakati, bambo msungichuma anavula magalasi n'kunena mofatsa: "Ana anga, kodi mwabwera kudzatithandiza kapena kudzatizenga mlandu?"

Mawa lake ndinapita ndekha kukapepesa. Bungwe limene lavomera kulandira ophunzira si bolodi loti azilembapo n'kufufuta. Tsopano ndimaona mapepala onse asanapite kwa eni bungwe, ndipo oipa ndimawabweza.

M'kalasi tinatsegulanso muyezowo kuyambira patsamba loyamba. Sunayambire pa Annex A. Ndime 4 imafuna kuti uyambe wamvetsa bungwelo ndi anthu amene akulidalira. Ndime 6 imafuna uyeze ziopsezo. Ndandanda ya 93 ija imabwera pambuyo, kuti uone ngati pali chimene waiwala. Onse anayi anali atawerengapo zimenezi ndi kukhoza nazo mayeso, koma loya uja anavomera kuti anazimvetsa tsiku limenelo.

Kunyumba kwa msungichuma

Sabata lachinayi ndinawaletsa kunyamula pepala la mafunso. Ndinawauza kuti akapemphe chinthu chimodzi chokha: awaonetse ulendo wa dola imodzi kuchokera m'manja mwa membala mpaka pamene yalembedwa, ndiponso zimene zimachitika foni ikalira usiku kuti kwagwa maliro.

Bambo msungichuma, amene anapuma ntchito kunjanji, anatilowetsa kuchipinda n'kukoka thiranki lachitsulo kunsi kwa bedi. Munali mabuku achikuto cholimba 11. Lakale kwambiri linalembedwa m'mapaundi ndi masheleni, kusonyeza kuti ndi la dola ya Rhodesia isanabwere mu 1970. La mu 2008, chaka chimene ndalama ya Zimbabwe inatheratu mphamvu, linali ndi maziro osefukira m'mizere mpaka m'mphepete mwa tsamba. Pansi pa mabukuwo panali majumbo a shuga odzaza ndi makope a zitupa, zikalata za kubadwa za ana, ndi zikalata za imfa zimene adokotala analembapo matenda amene anapha munthu. Loko wa thirankilo anathyoka kalekale. Denga la chipindacho limadontha pangodya imodzi, ndipo jumbo limodzi linali litachita nkhungu.

Pabalaza panali laputopu imene mwana wa membala wina anatumiza kuchokera ku Johannesburg. Inali ndi akaunti imodzi yopanda mawu achinsinsi. Adzukulu ankaonerapo mafilimu ndi kuikamo magemu otengedwa paliponse. Momwemo munali fayilo ya Excel ya mamembala onse, imene mdzukulu wamkulu ankailemba magetsi akayaka. Kope lina linali pa fulashi yomangiriridwa kumakiyi a nyumba, ndipo linali la miyezi 8 yapitayo. Laputopuyo inali ndi Windows 10, imene Microsoft inasiya kuitumizira zokonza za chitetezo zaulere pa 14 Okutobala 2025, ndipo inali yakale moti Windows 11 sikanalowamo.

Wa kubanki uja anachita chimene amachidziwa bwino. Anasankha maina 40 mwachisawawa, nayerekeza buku ndi Excel pomwepo, msungichuma akuyang'ana. Maina 7 sanagwirizane. Palibe amene anaba. Otolera amabweretsa ndalama mochedwa, mauthenga a EcoCash amathera mufoni ya msungichuma osakoperedwa m'buku, ndipo mdzukulu amalemba zimene wapeza tsiku limenelo. Koma zinatanthauza kuti funso lakuti "kodi banja ili lili ndi ngongole?" linali ndi mayankho awiri, malinga ndi kumene wayang'ana.

Mkangano wa chimene chili chachikulu

Apa ndi pamene panali phunziro lenileni, choncho ndichedwapo.

Chitetezo cha zidziwitso chimaima pa mafuwa atatu: chinsinsi, kuti osayenera asaone, kulondola, kuti zolembedwa zisasinthidwe kapena kulakwika, ndi kupezeka, kuti zipezeke pamene zikufunika. Ophunzira athu amazolowera kuika chinsinsi patsogolo, chifukwa nkhani zimene amawerenga ndi za akuba a pa intaneti. M'kaundula wawo woyamba wa ziopsezo, pamwamba anaika kachilombo kotseka mafayilo n'kufuna dipo, monga WannaCry ya mu Meyi 2017.

Amayi mlembi atamvetsera kumasulira kwa mtsikana wa ku Mufakose, anapukusa mutu. "Maliro sadikira, mwanawe. Foni ikalira 2 koloko usiku, ndiyenera kudziwa kusanache ngati munthuyo ali bwinobwino m'buku, chifukwa ogulitsa mabokosi safuna nkhani. Tsiku lina tinauza banja kuti lili ndi ngongole ya miyezi itatu, chonsecho anapereka kwa wotolera. Mpaka lero sitipatsana moni." Kwa iwo choopsa chinali buku lonama, kenako buku losapezeka chifukwa msungichuma wapita kumudzi kapena wagonekedwa m'chipatala. Munthu mmodzi wa zaka zoposa 70 ndiye ankasunga thiranki, laputopu, fulashi ndi foni yolandirira ndalama.

Ophunzira anasintha kaundula wawo, natsitsa chinsinsi pansi. Kenako sabata lotsatira anakakwezanso, pa chifukwa chimene palibe mmodzi wa iwo anachiganizira. Mtsikana uja anafunsa chifukwa chake mabanja ena analibe makope a zitupa m'majumbo. Anamuuza kuti amakana. Ambiri mwa makolo athu, ngakhale obadwira mu Harare muno, zitupa zawo zinalembedwa kuti ndi alendo. Kusintha kwa lamulo la unzika mu 2001 kunafuna kuti aliyense wokhala ndi ufulu wa unzika wa dziko lina aukane molemba, ndipo ambiri amene sanaponde n'komwe ku Malawi anapezeka alibe kwawo. Malamulo aakulu a dziko a mu 2013, omwenso anaika Chichewa pakati pa zinenero 16 zovomerezeka, anakonza zimenezi pa gawo 43 kwa obadwira kuno amene kholo lawo linachokera m'dziko la SADC. Koma si onse amene anakasinthitsa zitupa, ndipo mantha aja sanathe. Kope la chitupa m'thirankilo limaulula mtundu wa munthu ndi kumene makolo ake anachokera. Chikalata cha imfa chimaulula matenda. Lamulo la mu 2021 lija limaika zonse ziwirizi, mtundu ndi zaumoyo, m'gulu la zidziwitso zofunika kusamalidwa mwapadera.

Ndinaona nkhope ya loya uja ikusintha pamene ankamva zimenezi. Gawo la lamulolo ankalidziwa. Chimene sankadziwa n'chakuti pali agogo ku Mbare amene amalolera kusowa chithandizo cha sosaiti kusiyana ndi kupereka chitupa chawo kuti chijambulidwe.

Tebulo lawo loyezera ziopsezo, la mabokosi 25 ofiira, achikasu ndi obiriwira, komiti sinalikonde. Analisiya, nafunsa mafunso atatu pa chiopsezo chilichonse: Zingachitike kangati? Zikachitika, alira ndani? Tingazikonze m'masiku angati? Wa kubanki anadandaula kuti njira imeneyi siili m'mabuku. Ndinamutumiza kukawerenganso ndime 6.1.2. Imafuna njira yopereka zotsatira zosasinthasintha ndi zotheka kuyerekeza, koma silamula tebulo la mtundu uliwonse. Mafunso atatuwo, ofunsidwa mofanana nthawi zonse ndi kulembedwa, akukwanira.

Zimene zinagwa m'sabata la 8

Lachinayi lina m'mawa, amayi mlembi analandira uthenga pa WhatsApp kuchokera kunambala ya mnzawo wa kutchalitchi, woti watumiza nambala zisanu ndi imodzi kufoni yawo molakwitsa, amubwezere. Anamubwezera. Akaunti ya mnzawoyo inali itabedwa kale. Nambala zija zinali zotsimikizira kulembetsa WhatsApp yawo pafoni ina, ndipo pasanathe mphindi akaunti inachoka m'manja mwawo. Iwo anangoyesa kuti ndi vuto la netiweki.

Masana, m'gulu la mamembala munalowa uthenga wochokera kwa "amayi mlembi": kwagwa maliro ku Mabvuku, thumba lachepa, chipepeso chitumizidwe kunambala iyi. Unalembedwa m'Chishona chokhachokha, ndipo ndicho chinadabwitsa wotolera wa ku Mufakose, chifukwa amayiwo uthenga wa maliro amauyamba ndi "Abale ndi alongo". Anaimbira mtsikana wathu uja, iye naimbira ine.

Ndinawauza ophunzira kuti ayendetse okha, ine ndili pafoni. Ndinayenera kudzigwira kwambiri kuti ndisawalande ntchito. Woyang'anira netiweki, amene mpaka pamenepo ankaoneka wotopa ndi pulojekiti yopanda ma seva, anakwera kombi kupita ku Highfield. Analembetsanso nambalayo pafoni ya amayiwo, ndipo nambala zatsopano zitalowa, wakubayo anatulutsidwa. Koma anali ataikamo PIN yake ya chitsimikizo chachiwiri, nambala yachinsinsi yowonjezera imene imafunsidwa polembetsa akaunti pafoni ina, ndipo zikatero WhatsApp imadikiritsa mwini masiku 7 asanalowe popanda PIN imeneyo. Choncho sosaiti inakhala sabata lathunthu mlembi wake ali chete. Bambo wapampando anajambula mawu awo kuchenjeza anthu, chifukwa mawu awo aliyense amawadziwa, ndipo otolera anaimbira okalamba amene sawerenga mauthenga. Nkhani inakasiyidwa kupolisi ndi kukampani ya ndalama za pafoni. Mamembala 11 anali atatumiza kale, zonse pamodzi madola 85, ndipo sizinabwerere.

Usiku womwewo gulu linakangana pa funso labwino kwambiri la semesita yonse: kodi izi n'zofunika kukanena kwa oyang'anira chitetezo cha zidziwitso? Lamulo linapatsa udindowu bungwe la POTRAZ, loyang'anira za mtengatenga wa makalata ndi mafoni muno mu Zimbabwe, ndipo limafuna kuti lidziwitsidwe pasanathe maola 24 kuchokera pamene zazindikirika kuti zidziwitso za anthu zasokonezedwa. Wa netiweki anati ayi, popeza wolanda akaunti motere saona mauthenga akale. Zimenezo n'zoona. Koma loya anafunsa kuti, nanga olowa m'maola amene akauntiyo inali m'manja mwake? Atafufuza anapeza kuti wakubayo anaona nambala za foni za mamembala onse a m'gulu, ndipo banja lina linali litatumiza chithunzi cha chitupa ndi chikalata cha kubadwa cha mwana kunambala ya mlembi masana omwewo. Analangiza komiti kuti idziwitse POTRAZ ndi banjalo, nalemba kalata, wapampando nasaina m'mawa mwake.

Sindikondwera kuti zinachitika. Madola 85 ndi ndalama zambiri kwa anthu amene anatumiza, ndipo amayi mlembi analira ndi manyazi pamaso pa komiti. Chimene chimandipwetekabe n'chakuti kuyatsa chitsimikizo chachiwiri kunali kale pa ndandanda ya ophunzira kuyambira sabata la 6, kudikira lipoti lomaliza. Ntchito ya mphindi ziwiri inadikira chikalata. Kuchokera apo ndinaika lamulo m'phunziroli: chimene chili chaulere, chachangu, ndipo eni bungwe avomera, chichitike sabata lomwelo, lipoti lidzachipeza.

Zimene zinasankhidwa

Pambuyo pa zimenezi komiti inamvetsera mosiyana. Wapampando anati mlendo ndi amene amabwera ndi kalumo kakuthwa, ndipo anapempha ophunzira kuti abweretse zochepa zimene nkhalamba zingakwanitse popanda iwo.

Chachikulu sichinali cha kompyuta. Anagwirizana kuti buku ndiye mwini nkhani, Excel ndi kope chabe, ndipo Loweruka loyamba la mwezi msungichuma, mlembi ndi wotolera mmodzi azikhala pansi kuyerekeza buku, malisiti ndi mauthenga a EcoCash, onse atatu n'kusaina pansi pa tsamba. Wotolera aliyense anapatsidwa buku la malisiti la kaboni lokhala ndi manambala. Ndandanda ya amene ali bwinobwino imasindikizidwa mwezi uliwonse makope awiri, lina kwa mlembi, lina kwa wapampando, kuti foni ya usiku ija iyankhidwe ngakhale magetsi kulibe kapena msungichuma wachoka.

Pa zitupa, loya anafunsa funso limene ndimalakalaka makampani akuluakulu akanamadzifunsa: n'chifukwa chiyani mukuzisunga? Zinapezeka kuti chimene sosaiti imafuna ndi kutsimikiza dzina ndi nambala basi. Tsopano mlembi amaona chitupa ndi maso, amalemba nambala, n'kubweza. Makope akale anabwezedwa kwa eni ake, ndipo a anthu amene anamwalira kalekale anawotchedwa pamaso pa komiti. Mabuku 11 aja sanakhudzidwe, chifukwa ndi mbiri ya anthu athu mumzinda uno. Anangowagulira kabati yachitsulo yokiya, yoikidwa kutali ndi ngodya yodontha.

Za makina zinali zochepa. Onse a m'komiti anayatsa chitsimikizo chachiwiri pa WhatsApp. Anakhazikitsa lamulo lakuti pempho la ndalama limabwera ndi mawu ojambulidwa a wapampando ndipo nambala yolandirira ndi imodzi yokha, yolembedwa pachikuto cha khadi la membala aliyense. Laputopu inapukutidwa, inaikidwa Linux Mint, pulogalamu yoyendetsa kompyuta yolowa m'malo mwa Windows, ndipo adzukulu anapatsidwa akaunti yawo yosafika kumafayilo a sosaiti. Makope a fayilo anakhala atatu: mulaputopu, ndi pa mafulashi awiri otsekedwa ndi mawu achinsinsi, imodzi yogona kwa mlembi.

Zikalata zopita kwa achibale ku Malawi pokonzekera kuyendetsa thupi zinabweretsa nkhani ya kutumiza zidziwitso kunja kwa dziko, imene lamulo la kuno limaiikira malire. Ku Malawi nakonso kuli lamulo la Data Protection Act la mu 2024, loyang'aniridwa ndi MACRA. Ophunzira analemba fomu yachidule ya chilolezo m'Chichewa ndi m'Chishona, yoti wachibale asaine zikalata zisanatumizidwe, ndipo zimapita kwa munthu mmodzi wotchulidwa dzina, osati m'gulu.

Chimene chinatsala chosamalizika ndi chiphaso. Malamulo a boma otchedwa SI 155 a mu 2024 amafuna kuti osunga zidziwitso za anthu atenge chiphaso ku POTRAZ ndi kusankha munthu wophunzitsidwa woyang'anira chitetezo cha zidziwitso, ndipo gawo lotsikitsitsa la chiphasocho limayambira pa osunga zidziwitso za anthu 50. Gulu linalembera komiti kalata yofotokoza zimenezi momveka ndi kulangiza kuti ikafunse ku POTRAZ komweko za mmene bungwe longa lawo lingakwaniritsire. Nkhaniyo komiti inaiika pa msonkhano waukulu wa pachaka, chifukwa ikukhudza thumba la mamembala.

Chimodzi chinakanika poyera. Ophunzira anaika pulogalamu yosungira mawu achinsinsi m'mafoni a komiti. Pasanathe masabata awiri onse anali atasiya. Anabwerera ku njira imene akuluakuluwo anaisankha okha: chiganizo chachitali cha Chichewa chosavuta kukumbukira, cholembedwa papepala, chomatidwa mu envelopu, chosungidwa m'kabati. Pa ziopsezo za bungweli ndinaiona kuti ndi yokwanira.

Kachongedwe

Malikisi ndimawagawa motere: 30 pa lipoti la gulu, 30 pa umboni wa zimene zayamba kutsatidwa, 20 pa mafunso apakamwa a aliyense payekha, ndi 20 pa buku limene wophunzira amalembamo sabata ndi sabata zimene wasankha ndi chifukwa chake. Mafunso apakamwa ndi amene amaonetsa amene ananyamula katundu ndi amene anangokwera ngolo.

Ine ndi mphunzitsi wachiwiri tinasiyana pa chikalata chosonyeza njira zimene zagwiritsidwa ntchito ndi zimene zasiyidwa. Mwa 93 zija, gulu linasiya zoposa theka, iliyonse ndi chifukwa chake cholembedwa: sosaiti silemba mapulogalamu, ilibe netiweki yakeyake, ilibe antchito olipidwa. Mnzangayo anaona kuti ntchitoyo ndi yopyapyala poyerekeza ndi ya gulu la kukampani ya zamtengatenga, limene linapereka ndondomeko zolembedwa 22. Ndinamupempha kuti tifunse kuti mwa 22 zija ndi zingati zimene munthu wa pakampanipo anaziwerenga. Kwa ine, kusiya njira ndi kutha kuteteza chifukwa chake pamaso pa woyesa ndi luso lalikulu kuposa kukopera zonse. Sitinagwirizane kotheratu, ndipo malikisi a lipoti anagwera pakati pa ake ndi anga.

Pali chosalungama chimene ndinachizindikira mochedwa. Mtsikana wa ku Mufakose anamasulira misonkhano yonse, analemba mafomu onse a Chichewa, ndiye ankaimbiridwa usiku, ndipo nkhani ya zitupa inatuluka chifukwa agogo aja ankamuona ngati mdzukulu wawo. Pa kagawidwe kanga ka malikisi panalibe malo a ntchito imeneyi. M'buku lake analemba kuti kwa zaka zonse za sukulu ankabisa chinenero cha agogo ake kuopa kunyozedwa, ndipo aka kanali koyamba kuti chimuthandize pamaphunziro. Analembanso kuti anatopa. Ndapempha dipatimenti kuti kuyankhulana ndi eni bungwe kukhale ndi malikisi akeake kuyambira semesita ikubwerayi.

Patatha miyezi itatu

Ndinabwererako Loweruka loyamba la mwezi osawauza. Ndinapeza atatu aja ali patebulo, mabuku a malisiti ali mbwee, akukangana za madola 6 a wotolera wa ku Dzivarasekwa, amene anapezeka patsamba lomatirirana ndi linzake. Masamba a miyezi itatu yonse anali osainidwa. Ndinasankha maina 20 n'kuyerekeza buku ndi fayilo, ndipo limodzi lokha ndilo linasiyana. Fulashi ya kwa mlembi inali yotsalira ndi miyezi iwiri, chifukwa mdzukulu amene ankakopera anapeza ntchito ku Bulawayo ndipo palibe amene anaphunzitsidwa m'malo mwake. Wotolera watsopano wa ku Mabvuku anali asanayatse chitsimikizo chachiwiri. Tinayatsa pomwepo, amayi mlembi ndiwo akumuonetsa podina.

Komiti yavomera kulandira gulu lina. Ntchito yawo idzayambira pa zimene zatsalazi: kupeza anthu awiri a m'sosaiti momwemo oti azikopera mafayilo, kulemba tsamba limodzi la zoyenera kuchita pamene wina walowa kapena watuluka m'komiti, ndi kukonzekera mfundo za chiphaso zopita kumsonkhano wa pachaka. Bambo msungichuma apemphanso kuti mabuku a mapaundi ndi masheleni aja ajambulidwe tsamba ndi tsamba asanafumbwe, ndipo tagwirizana kuti kujambulako kudzachitikira m'nyumba mwawo, iwo ali pomwepo.